Nsalu ya Gonjetso Yokana Kutha

Sonkhezerani motowo kaye, ndipo inu muli kumbuyoko sunthirani kuno, sindifuna kubwereza. Iwe ukusekawe seka uthe, chifukwa nkhani ya nsalu ya Gonjetso ikafika pakati mano amenewo uwabisa wekha.

Ku Bangwe, kumtunda kuja kumene minibasi imafika ili wefuwefu, kunkakhala mayi wina woluka tsitsi, dzina lake Sungeni. Mwamuna wake anali Gonjetso, wa ku Ntcheu, wamtali, wosachuluka mawu, amene ankadyera pa kompyuta. Masana ankakonzera anthu makadi a ukwati ndi mapepala a mwambo wa maliro. Koma dzuwa likangolowa munthu uja ankasanduka msilikali: zomvera zili kukhutu, maso ali tong'o pagalasi, kuomberana mfuti ndi anzake a kumayiko amene ngakhale m'maloto sanapondeko. Magemu anamulowa m'magazi mwakuti mwana wawo wamkazi atabadwa anamutcha Tawina. Apongozi ake atafunsa kuti, "Kodi mwawina chiyani?" iye anangokanda m'mutu.

Patebulo pakepo anayalapo chinsalu chakuda, chachikulu, chochokera kumapeto kuno kukafika kumapeto uko, kunsi kwake kuli labala kuti chisaterereke, m'mbali mwake atachisokerera ndi ulusi wofiira. Odziwa zimenezi amati mausipadi, chifukwa ndi pamene pamayenda mausi, kachipangizo kaja kogwira m'dzanja kolozera zinthu pa kompyuta. Sungeni analibe nazo nthawi zimenezo. Iye ankangoti chiguduli.

"Mkazi wamkulu m'nyumba muno ndi chigudulichi," ankatero akusesa. "Ine ndine wachiwiri, wongophika. Tachotsani ndikachichape, chikununkha."

"Iyayi, iyayi, musachigwire!" ankatero Gonjetso atatambasulira manja onse pansalupo. "Chikalawa sopo chikakala, mausi siyendanso bwino. Mukufuna azungu andiphe?"

"Akupheni kumene, mwina mungabwere kudzagona."

Ndipo sankanama ayi. Gonjetso ankasewera mpaka tulo timugwetsere pomwepo, tsaya lili pansalupo, dovu chuchuchu. Kukacha Sungeni ankamupeza ali chomwecho, nkhope itadindika timizeremizere ta nsalu, mausi ili m'dzanja. Kumatiresi ankapitako mwa apo ndi apo, ngati mlendo. Nsaluyo nayo inkakalamba monga zikalambira nsalu zonse. Kudzanja lamanja, pamene ankatsamiritsa mkono, panayerera n'kusalala. Ulusi wofiira uja unayamba kumasuka pangodya. Madontho a tiyi ndiye osanena.

Tsono chaka china, mvula itangoyamba, Gonjetso anadandaula mutu. Mutu womwewo basi. Anathamangira naye kuchipatala, ndipo pobwera anabwera naye ali m'bokosi. Abale, imfa ilibe manyazi. Tawina n'kuti asanayambe ndi sukulu yomwe.

Amene anayendetsa za mwambo anali mlongo wake wamkulu wa malemuyo, Nangozo, mayi wogulitsa kaunjika mu Limbe, wa pakamwa pakuthwa koma wosaphonya mwambo. Kwawoko munthu amapita ndi mphasa imene ankagonapo; amaiyala m'manda bokosi lisanatsike. Ndiye Nangozo anasolola mphasa imene inali kunsi kwa matiresi, n'kuikulunga, ulendo wa ku Ntcheu. Ndiponso nsalu iliyonse imene inamwa thukuta la malemu amayamba aichapa m'madzi a mankhwala asanaigawe, kuti mwini wake aitaye mtima, asamailondole. Nangozo anasonkhanitsa zonse: malaya, mathalauzi, mabulangeti, masokosi obooka, ngakhale kampango ka m'thumba. Anasuzumira mpaka kuseri kwa chitseko. Kompyuta anatenga mng'ono wa malemuyo. Tebulo linatsala, chinsalu chija chili pomwepo, ndipo anthu onse aja ankangodutsa pambali pake osachiona. M'maso mwawo chinali cha m'gulu la mawaya ndi mapulagi, nanga ndani amachapa zamagetsi?

Maliro atatha, Sungeni anabwerera ku Bangwe ndi mwana wake. Tebulo lija analisandutsa poikapo zipeso, mafuta a tsitsi ndi mameshi olukira makasitomala. Moyo unayambanso kuyenda, motsimphina koma ukuyenda.

Choyamba kusowa anali sopo. Anamusiya kubafa madzulo, m'mawa kulibe. Anafunafuna paliponse, n'kudzamupeza ali phee patebulo paja, kumanja kwa nsalu. Zipeso ndi mabotolo zimene anasiya mbali imeneyo zinali zitakankhidwira kumanzere, bwinobwino, popanda chogwa. Anakalipira Tawina kuti asiye kuseweretsa zinthu za ntchito.

Kenako unasowa mwala wotsukira mapazi, n'kupezeka pomwepo. Kenako peyala limene analivundika mudengu kuti lipse. Kenako kabotolo ka mafuta odzola. Sungeni anayamba kuona kuti zinthu zosowazo zinali za msinkhu umodzi, zokwana bwino m'chikhatho cha mwamuna. Anakumbukiranso kuti Gonjetso, munthu wosakonda mkangano uja, panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkamupsetsa mtima: kumuikira kapu kumbali yoyendetsa mausi. Zimene anaganizazo sanauze munthu.

Tsiku lina akusita diresi la kutchalitchi patebulopo, kasitomala anamuitana panja, ndipo anaiwala simbi ya makala ili chogona pansalupo. Pobwera anapeza utsi uli tolotolo, fungo la labala nyumba yonse, pansalupo patapserera chithunzi cha simbi yathunthu. Analira tsiku limenelo, ndipo sikuti ankalirira nsalu yokha. M'mawa mwake atapita kukaona, chipsera chija panalibe. Anasisita ndi dzanja, anapendeketsa mutu kuti aone ndi kuwala kwa pawindo: nsalu ili bii, yosalala, ngati simbi sinafikepo. Apo m'pamene anazindikira kuti ngakhale poyerera paja pa mkono panali patabwerera mwakale, madontho a tiyi atazimirira, ndipo ulusi wofiira wa pangodya unali utagwiranso ngati wina wausoka.

Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupitanso. Makoswe a ku Bangwe mukuwadziwa inu, sasiya kanthu. Anaboola mameshi, anatafuna zitenje, anaseteka ndi mwendo womwe wa tebulolo, koma nsaluyo sanailawe. Denga linadontha, matiresi anachita nkhungu, nsaluyo ayi. Mtsikana wina wa kukoleji, amene nayenso ankasewera magemu, atabwera kudzalukitsa tsitsi anachita kuimirira kuti aione bwino.

"Anti, mausipadi iyi mwagula liti?"

"Ndi ya bambo ake a Tawina. Inabwera muno mwanayo asanabadwe."

"Aaa anti, musandinamize. Zimenezi sizichedwa kutopa, zimayamba kukakamira, mausi osaterera, m'mbali kusendeka. Ine ndataya kale zingapo. Iyi ndiye ngati yangotuluka m'pepala lero." Anayendetsa chikhatho pansalupo kuchokera kumanzere, akuyamikira kusalala kwake, koma atafika kumanja anachotsa dzanja msangamsanga. "Munatereka poto apa? Pakutentha."

"Ndi dzuwa la pawindo," anatero Sungeni.

Kunja kunali chiperoni, dzuwa losaoneka chiyambire m'mawa. Mtsikanayo anayang'ana pawindo, anayang'ana Sungeni, n'kukhala pansi. Tsitsi anamalizitsa ndithu, koma sanabwerenso.

Mwina mukuti Sungeni ankaopa. Ayi, ndikuuzeni zoona, ankakondwa. Zovala za mwamuna wake zinagawidwa, ndipo juzi imodzi imene anamusiyira inkanunkha zitsamba ndi sopo. Nsalu yokhayi ndi imene inasunga fungo la Gonjetso, la thukuta losakanikirana ndi mafuta ake odzola, ndipo fungolo silinkachepa. Makasitomala akapita, Tawina akusewera panja, iye ankagwada n'kuika mphuno pansalupo, n'kumauza mwamuna wake zonse za tsikulo: amene wamunyoza pamjigo, amene wamufunsira, nsapato ya mwana imene yathina. Umasiye ndi wowawa, musamuweruze. Mumtima ankangoti, ngati akubwera abwere, nyumba ndi yake.

Zinafika poipa zitakhudza mwana.

M'mawa wina Sungeni anadzuka n'kupeza pambali pake palibe munthu. Tawina anamupeza pabalaza, atakokera kampando kake kutebulo, tsaya lili pansalu cha kumanzere, kumanja atasiya mpata wokwana munthu wamkulu. Anamunyamula n'kumubwezera kumatiresi. Mawa lake chimodzimodzi. Anayamba kutseka chitseko cha kuchipinda ndi mpiringidzo wapamwamba, umene mwana sangaufikire ngakhale atakwera pandowa. Kukacha mpiringidzo uli chotsegula, mwana ali patebulo.

Mwana uja, amene masaya ake anali ngati mandasi, anayamba kufota. Chakudya ankangochitosatosa. Aphunzitsi anatumiza uthenga kuti amasinza m'kalasi mpaka kugwa pabenchi. Maso anafiira, kunsi kwake kunada. Kuchipatala anamubaya chala, anamumvetsera m'chifuwa, malungo ayi, china chilichonse ayi. "Mwanayu sakugona, mayi," anatero adokotala. "Kodi mumamugoneka nthawi yanji?"

Sungeni anayesa kumuthawitsa. Anapita naye kwa mng'ono wake ku Chilomoni kuti akakhaleko masiku angapo. Kumeneko ndiye zinanyanya: mwana anakana kugona pansi, anachezera chokhala, maso ali kuchitseko, akungofunsa kuti kunyumba kwatsala ndani. Anabwera naye atafooka kuposa mmene anapitira.

Madzulo ena magetsi atazima, ali ndi Tawina pakhonde kudikira kuti nyemba zipse pambaula, Sungeni anamva kaphokoso m'nyumba. Shwee. Shwee, shwee. Ngati munthu akupukuta tebulo pang'onopang'ono. Kenako shweshweshwe, mofulumira, n'kuima. Anakadziwa kaphokoso kameneko, poti ankagona akukamva zaka zonse za ukwati wake.

Tawina sanatembenuke n'komwe. "Ayamba," anatero.

"Ndani?"

"Ababa."

"Umawaona?"

Mwanayo anapukusa mutu. "Ndimangowamva. Amayasamula kwambiri. Ndimakhala nawo kuti asakhale okha."

"Amakuuza chiyani, mwanangu? Amakuitana kuti upite nawo?"

"Ayi. Amati ndizikagona. Koma iwowo sagona, ndiye ine ndigona bwanji?"

Sungeni anamukumbatira mwanayo, namva nthiti zonse m'manja mwake, imodziimodzi. Pamenepo m'pamene mantha anamugwira kwenikweni. Sankaopa chimene chinali m'nyumbamo ayi, ankaopa kuti waika bambo m'manda, tsopano aikanso mwana.

Patapita masiku, dzuwa lili paliwombo, Sungeni akuluka tsitsi la mayi wina pakhonde, panafika bambo wosenza mphasa, fumbi mpaka m'mawondo, nkhope yosadziwika m'deralo. Anatula mtolo wake pachipata.

"Odi kuno! Ndabwera nayo mphasa ija."

"Mphasa iti, bambo? Ife sitinaitanitse mphasa."

"Abambo a pakhomo pano ndi amene andiimitsa kumsewu uko. Aatali, ovala zinthu zakuda kumakutu. Akuti msana wawapweteka, akufuna poti adziwongolere." Bamboyo anapukuta thukuta ndi chipewa. "Koma mayi, amuna anuwo muziwalola azigona. Maso amenewo si a munthu wopuma."

Mayi wolukitsa uja, amene ankadziwa bwino kuti Sungeni ndi wamasiye, anadzuka tsitsi lili theka, natola chikwama chake, osatsanzika. Sungeni anathamangira kumsewu. Munthu wamtali kunalibe, kunali ana a sukulu ndi mbuzi basi. Pobwerera anapeza wamphasa uja naye wapita, ndipo oyandikana nawo onse anakanitsitsa kuti tsiku limenelo sanaone munthu wosenza mphasa.

Madzulo omwewo anaimbira foni Nangozo. Mlamu wakeyo anafika m'mawa mwake, thukuta kamukamu, akulalata asanalowe n'komwe.

"Mlamu, zinthu kufika pamenepa inu muli chete? Mumadikira chiyani, kuti tidzamve pa wailesi?"

Koma ataona Tawina ali pakampando kake, manja ngati timitengo, anasiya kulalata. Anakhala pansi, namvetsera zonse: za sopo, za simbi, za kaphokoso, za wamphasa.

"Sizingatheke," anatero pomaliza. "Mwambo ndinayendetsa ndine. Zovala ndinachapa ndi manja angawa, sipanatsale ndi sokosi imodzi yomwe. Mphasa ndinapereka ndekha kwa adzukulu okumba manda, ndinaiona ikutsika. Mchimwene wanga anapita ndi pogona pake."

"Mphasa ya kunsi kwa matiresi ija?"

"Inanso iti?"

"Alamu, achimwene anu pamatiresi paja sankagonapo kwenikweni."

"Mukuti chiyani? Nanga ankagona kuti? Kwa akazi ena?"

Sungeni anangotembenukira kutebulo.

Nangozo anadzuka. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupisa manja m'mabelo a kaunjika sachita kuuzidwa kuti nsalu ndi iti. Anaitsina pangodya, anaikanda ndi chikhadabo, anawerama n'kununkhiza. Anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndi nsalu iyi! Ine ndinkayesa ndi chipulasitiki cha makompyuta! Ndiye kuti mwana wa mayi anga tinamuyalira mphasa yosaidziwa, yake n'kutsala muno yosachapa? Nthawi yonseyi munthu ali chikhalire pampando?" Anadzimenya pantchafu. "Gonjetso iwe, ngakhale kufa ukufa mosiyana ndi anzako!"

Anaseka, misozi ikutsika. Kenako anamanga chitenje chake mwamphamvu. "Konzekani, tikupita nayo kumudzi. Ikachapidwe, akamuyalire agone."

Apa Sungeni anaimirira pakati pa mlamu wake ndi tebulo.

"Ikachapidwa fungo lichoka."

"Lichoke kumene."

"Alamu, zonse munatenga. Chimene ndatsala nacho cha mwamuna wanga ndi chimenechi."

Nangozo, mayi wa pakamwa pakuthwa uja, ulendo uno analankhula motsitsa. "Chimene mwatsala nacho cha mwamuna wanu ndi uyo wakhala apoyo, akulephera kudzutsa mutu. Sankhani nokha, mlamu. Ine sindikulandani."

Sungeni anayang'ana mwana wake. Tawina anali akusinza chokhala, mutu kugwera kutsogolo, n'kudzidzimuka, n'kugweranso. Anapita yekha kukagwira ngodya ya nsaluyo.

Koma nsalu inakana. Labala uja anali atagwira tebulo ngati anamera pomwepo. Anakoka Sungeni, anakoka Nangozo, anakoka onse awiri mpaka miyendo ya kumanzere ya tebulo inanyamuka, koma kumanja kuja kunali kolemera ngati pagona thumba la chimanga. Nangozo anatenga mpeni kuti atokose kunsi, mpeni unapindika. Anangoyang'anana, onse wefuwefu.

Tawina anatsika pakampando kake. Anayenda akudzandira mpaka patebulo, naika kadzanja kake m'malere, pamwamba pang'ono pa nsaluyo, monga timachitira pogwedeza phewa la munthu wogona.

"Ababa," anatero motsitsa, "tadzukani pang'ono tikuyalireni."

M'nyumba munati zii. Ngakhale ana amene ankasewera panja aja sanamvekenso. Kenako mpando wa Gonjetso, umene panalibe munthu, unalira kamodzi, kwee, ngati wina wadzukapo. Ngodya ya nsalu inatukuka yokha. Sungeni anaikulunga mosavuta ngati chitenje, ndipo inali yofunda.

Anakwera basi tsiku lomwelo, nsalu ili pamiyendo pa Sungeni, poti Nangozo anati mphasa ya munthu saiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Kumudzi akuluakulu atamva, ena anaseka, ena anapukusa mitu. Amalume ake a malemu anati, "Ana a masiku ano akutivuta, posachedwapa tiyamba kuchapa ndi mafoni omwe." Koma ataona maso a Tawina palibe amene anatsutsa, ndipo mayi wina wodziwa zitsamba anapita kukathyola zofunika.

M'mawa mwake, mame asanaume, amayi awiriwo ndi mwanayo anatsikira kukamtsinje ka kumunsi kwa manda, adzukulu awiri akudikira chapatali.

"Muchape ndinu," anatero Nangozo akupereka beseni la madzi obiriwira. "Nkhope yanu nayonso yagonapo pamenepa, musandiuze kuti ayi."

Sungeni anaika mphuno pansalupo komaliza. Anakoka fungolo mpaka chifuwa kudzaza, naligwira momwemo mmene akanathera. Kenako anaimiza.

Abale, zimene anaona! Madzi anada bii nthawi yomweyo. Akufikisa, nsalu ija inayamba kukalamba m'manja mwake. Kumanja kuja kunayerera, n'kupyapyala, n'kubooka. Madontho a tiyi anatulukira limodzilimodzi. Chipsera cha simbi chinabwerera chonse, ndi nsonga yake yomwe. Ulusi wofiira unamasuka n'kumayandama, labala ananyenyeka n'kumatsalira m'zala. Zaka zonse zimene nsaluyo inakana inazilandira m'kanthawi kochepa. Poifinya inali chiguduli chenicheni, choti ngakhale pamulu wa kaunjika wotsalira munthu sangachitole.

"Eyaa," anatero Nangozo. "Nsalu ndi imeneyotu. Nsalu iyenera kutha."

Adzukulu anailandira ndi manja awiri, nalowa nayo m'mitengo ya kumanda, kumene amayiwo sanafikeko. Sanachedwe. Potuluka, wamkulu wa iwo anali atavula chipewa. Anati atangoiyala pamtumbira anamva ngati munthu watulutsa mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu. Mnzake anati inali mphepo chabe. Wamkuluyo anamufunsa kuti nanga masamba anagwedezeka?

Pobwerera ku Blantyre, basi isanatuluke n'komwe mu Ntcheu, Tawina anagona pamiyendo pa mayi ake. Kunali kugona kwina, kolemera, kopanda kutembenuka. Basi inagwa m'maenje, mlaliki wina anafuula m'kanjira ka pakati pa mipando, khanda la munthu linalira mpaka kusasa mawu, iye osagwedezeka. Anadutsa pa Chingeni ali chomwecho. Sungeni anadzifunsa: nanga bwanji ngati bambo pogona watenga ndi mwana yemwe? Anaika chala pamphuno pake, koma ndi kugwedezeka kwa basi sanamve kanthu. Anamusisita tsaya. Anamuitana dzina. Anamugwedeza, mutu wa mwanayo unangogwera kumbali.

"Musiyeni, mlamu," anatero Nangozo, koma nayenso dzanja lake linali litagwira kale kaphazi ka mwanayo kuti amve ngati kakufunda.

Basi inaima pa Zalewa. Ogulitsa malonda anaunjikana m'mawindo, fungo la chimanga chootcha linalowa. Mphuno ya Tawina inagwedera. Anatsegula diso limodzi, kenako linalo, nkhope ili yokwinya ngati munthu amene amusokoneza pa zokoma.

"Amayi, njala."

Anadya chimanga mpaka chitsononkho kuyera. Anadya dzira lowiritsa. Anadya nthochi za azakhali ake, nafunsa ngati zilipo zina. Nangozo ankangoti, "Idya, mwana wa mchimwene wanga, idya, usiye makoko okha," uku akuitana wa mazira kuti abwererenso.

Sungeni anakweza manja ake kumphuno. Ankanunkha zitsamba ndi madzi a mumtsinje basi. Pamenepo kulira kumene anakusunga nthawi yonseyi kunatuluka, kwa chisoni ndi kwa chimwemwe pamodzi, mokweza, mpaka anthu a m'basimo anatembenuka.

Tawina anasiya kutafuna. Anagwira mayi ake pakamwa ndi kadzanja konata nthochi, nasuzumira kumbuyo, kumsewu umene anachokera.

"Amayi, lirani pang'onopang'ono," ananong'ona. "Muwadzutsa."